Chiphaso cha mfuti cha ku Indiana: kodi chikagwira ntchito ku New Jersey?

Funso: Ndimakhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, ndipo ndili pa green card, chilolezo chokhala m'dziko muno mokhazikika ngakhale sindine nzika. Poti ndimaweruka usiku, ndinagula pisitolo n'kutenga chiphaso cha chigawo chino chondilola kuyenda nayo yobisa. Mwezi wamawa tikupita pa galimoto ku Newark, ku New Jersey, kuukwati wa mng'ono wanga. Anzanga ena akuti poti chiphaso ndili nacho, komanso ufulu wokhala ndi mfuti uli m'malamulo aakulu a dziko lino, ndikhoza kuyenda nayo paliponse monga timachitira ndi laisensi ya galimoto. Ena akuti ndingoitsekera kubuti basi, palibe angandigwire. Tiyenda ndi mwana wa mlongo wanga amene ali kuno pa viza ya sukulu, azikandilandira chiwongolero. Zoona zake ndi ziti?

Yankho: Achimwene, paulendo wa ku Newark uwu mfutiyo itsale ku South Bend. New Jersey savomereza chiphaso cha chigawo china chilichonse, ndipo akakupezani nayo mlandu wake ndi wa zaka m'ndende, osati wa faini. Kwa inu amene muli pa green card palinso chilango chachiwiri chimene chimadikira kuseri kwa ndendeyo, chimene anzanu obadwira konkuno sachiganizira n'komwe chifukwa sichiwakhudza. Zimene anzanuwo akunena si zabodza zonse ayi, koma aliyense wagwira kachidutswa kake, ndipo zidutswa zimenezi n'zimene zamangitsa anthu ambiri amene analibe cholinga choipa.

Kwathu ku Malawi munthu akapeza laisensi ya mfuti, lamulo lake ndi limodzi kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, poti polisi ndi imodzi, Nyumba ya Malamulo ndi imodzinso. Ku America sizili choncho. Zigawo 50 zija, chilichonse chili ndi nyumba yake ya malamulo, bwanamkubwa wake, apolisi ake ndi buku lake la milandu, kuphatikizanso mzinda wa Washington, D.C. umene uli ndi malamulo akeake. Chiphaso chanu anakupatsani ndi a Indiana State Police, ndipo mphamvu yake imathera pamalire a Indiana. Kupitirira pamenepo chimagwira ntchito pokhapokha ngati chigawo chimene mwalowacho chinasankha chokha kuchilemekeza. Zina zimachita kusainirana pangano ziwiriziwiri. Zina zinangolemba m'lamulo lawo kuti ziphaso zonse ndi zovomerezeka, ndipo Indiana yanuyo ili m'gulu limeneli, n'chifukwa chake anthu a kumeneko amaganiza kuti kulikonse n'chimodzimodzi. Zina zimayamba zayerekeza kaye maphunziro ndi kafukufuku amene chigawo chinacho chimachita chisanapereke chiphaso. Ndiye pali zimene zinakana kwamtuwagalu: California, Oregon, Hawaii, Illinois, Maryland, New Jersey, New York, Connecticut, Rhode Island, Massachusetts ndi Washington, D.C.

Laisensi ya galimoto imayenda paliponse chifukwa zigawo zinagwirizana zokha kalekale, ndipo mayeso oyendetsa galimoto sasiyana kwenikweni pakati pa Ohio ndi Texas. Pa mfuti kusiyana kwake n'kwakukulu. Indiana imapereka chiphaso kwa munthu wa zaka 18 popanda kumufunsa ngati anaphunzirapo kuwombera. New York, kuyambira 2022, imafuna maola 16 a m'kalasi ndi ena 2 a kumalo owombera. Aphungu a ku New York sangavomere kuti chiphaso chopezeka mosavuta chonchi chilingane ndi chawo, ndipo palibe lamulo la boma la fedulo, boma lalikulu la dziko lonse, limene limawakakamiza kutero.

Nanga malamulo aakulu aja? Ufuluwo ulipodi, m'ndime yotchedwa Second Amendment ya chaka cha 1791. Khoti lalikulu la dzikoli linagamula mu 2008, pamlandu wa Heller, kuti ufuluwu ndi wa munthu payekha, ndipo mu 2010, pamlandu wa McDonald, linati zigawo ndi mizinda nazonso ziyenera kuulemekeza. Mu June 2022 kunabwera chigamulo cha Bruen, chimene analemba woweruza Clarence Thomas, chothetsa lamulo la New York loti munthu azionetsa chifukwa chapadera asanapatsidwe chiphaso choyendera ndi mfuti. Anthu ambiri atamva zimenezi anangoti basi, zipata zatseguka. Koma chigamulocho sichinathetse ziphaso, ndipo sichinanene kuti chiphaso cha chigawo china chizigwira ntchito kwina. Chimene chinatsatira n'chakuti New York ndi New Jersey, chaka chomwecho, anakhwimitsa malamulo awo n'kulemba mndandanda wautali wa malo amene ngakhale mwini chiphaso chawo sangalowe ndi mfuti. Ku New York anaikamo ngakhale Times Square.

Ku Congress, Nyumba ya Malamulo ya dziko lonse, ayesapo kangapo kupanga lamulo limodzi la dziko lonse. Mu 2009 ganizo la seneta John Thune linapeza mavoti 58 pamene linkafunika 60. Mu December 2017 bilu ya Richard Hudson wa ku North Carolina inadutsa m'nyumba yaing'ono ndi mavoti 231 kwa 198, koma inakafera m'nyumba yaikulu yotchedwa Senate. Bilu yomweyo amaibweretsanso pafupifupi nyengo iliyonse ya aphungu, ndipo nthawi zonse pa Facebook pamadzaza mauthenga onena ngati kuti yadutsa kale. Bilu si lamulo mpaka nyumba zonse ziwiri zitaivomereza, pulezidenti n'kusaina. Amene ali ndi lamulo lotere ndi apolisi ndi ena opuma pantchito yaupolisi, kudzera m'lamulo la 2004 lotchedwa LEOSA, ndiye ngati mnzanu amene akukulimbitsani mtimayo anagwirapo upolisi, dziwani kuti iye akuyendera buku lina.

Tsopano tiyeni tiyende ulendo wanuwo. Kuchoka ku South Bend mulowa msewu wolipira wa I-80/90 kulowera kum'mawa. Indiana, kuyambira pa 1 July 2022, imalola munthu woyenera kunyamula pisitolo ngakhale alibe chiphaso. Ohio nayo inachita chimodzimodzi mu June 2022 kwa anthu a zaka 21 kupita m'tsogolo, komanso imalemekeza ziphaso za zigawo zina. Pofika chaka cha 2024 zigawo zotere zinali 29. Mukalowa Pennsylvania zinthu zasintha: kumeneko chiphaso n'chofunika, ndipo ofesi ya Attorney General wawo, loya wamkulu wa boma la chigawocho, ndi imene imasunga mndandanda wa zigawo zimene ziphaso zake amazivomereza. Mudzayenda maola angapo m'mapiri ndi m'nkhalango za Pennsylvania, kenako msewu wa I-80 udzatsetserekera ku Delaware Water Gap, mudzawoloka mlatho wa pamtsinje wa Delaware. Palibe chipata cha malire, palibe wofunsa mapepala, pali chikwangwani chokulandirani basi. Koma pamene matayala akhudza tsidya linalo, pisitolo imene inali yololedwa mphindi imodzi yapitayo yasanduka mlandu umene chilango chake ndi zaka 5 mpaka 10, ndipo lamulo lawo lotchedwa Graves Act limati munthu akhale m'ndende miyezi yosachepera 42 asanaganiziridwe zotuluka.

Izi si zoopseza chabe. Mu October 2013 mayi wina wa ku Philadelphia, Shaneen Allen, mayi wa ana awiri, anaimitsidwa ndi apolisi m'dera la Atlantic County ku New Jersey pa kankhani kakang'ono ka pamsewu. Anali ndi chiphaso chenicheni cha Pennsylvania, ndipo mfutiyo anaigula atachitidwa chipongwe ndi achifwamba. Wapolisi atafika pawindo, mayiyo anaulula yekha kuti ali ndi mfuti n'kuonetsa chiphaso chake, akuganiza kuti akuchita zoyenera. Anamangidwa pomwepo. Anakhala m'chitokosi masabata angapo, ndipo woimira boma pamilandu poyamba anakana kumuika pa ndondomeko yopewetsa ndende anthu olakwa koyamba. Nkhaniyo itamveka m'dziko lonse ndi pamene anamulola mu 2014, ndipo bwanamkubwa Chris Christie anamukhululukira mu April 2015. Iye anali nzika, nkhani yake inalembedwa m'manyuzipepala, mabungwe anamusonkhera ndalama za maloya. Inu musayembekezere mwayi wotero.

Komanso si mfuti yokha. New Jersey, kuyambira 2018, salola magazini (kachipangizo koikamo zipolopolo m'mfuti) yolowa zipolopolo zoposa 10, pamene pisitolo zambiri zogulitsidwa ku Indiana, monga Glock 19, zimabwera ndi magazini ya 15. Magazini yokhayo, ngakhale ilibe kanthu, ndi mlandu pawokha. Zipolopolo zija zobooka kunsonga, zimene ogulitsa ambiri amalimbikitsa kuti ndi zabwino podziteteza, nazonso ndi zoletsedwa kuyenda nazo wamba ku New Jersey. Choncho posiya mfuti kunyumba, secheni galimoto yonse: pansi pa mipando, m'matumba a zitseko, m'chikwama chimene mumapita nacho kokawombera. Chipolopolo chimodzi chogubuduka pansi pa kapeti chikhoza kukuyambitsirani tsiku loipa. Ndipo poti anthu akakhala ku Newark sachedwa kunena kuti tiyeni tikaone New York, dziwani kuti tsidya la mtsinje wa Hudson ndi koopsa chimodzimodzi. Kumeneko mfuti imatengedwa kuti ndi yodzaza ngakhale mulibe chipolopolo, bola ngati zipolopolo zake muli nazo pomwepo, ndipo chilango chake chimayambira pa zaka zitatu ndi theka.

Tibwere kwa anzanu a kubuti aja, chifukwa iwo ndi amene ali pafupi ndi choonadi, ndipo n'chifukwa chake malangizo awo ndi oopsa kwambiri. Lilipodi lamulo la fedulo la chaka cha 1986, Firearm Owners Protection Act, ndime 926A, limene limateteza munthu wodutsa ndi mfuti m'chigawo chokhwimitsa. Limati mfuti ikhale yopanda zipolopolo, ndipo mfutiyo ndi zipolopolo zake zikhale pamalo oti simungazifikire muli pampando. Ngati galimoto ili ndi buti yotsekeka payokha, ndi momwemo. Ngati ndi SUV, pikapu kapena thiraki yopanda buti yapadera, zikhale m'bokosi lokhoma, ndipo lamulolo limatchula mwachindunji kuti kabokosi ka kutsogolo kwa mpando wa pasenjala ndi kaja ka pakati pa mipando sizikuwerengedwa. Koma chiganizo chimene anthu amachidumpha n'chakuti chitetezochi ndi cha munthu amene akuchokera kumalo kumene akuloledwa kukhala ndi mfutiyo n'kuinyamula, kupita kumalo enanso kumene akuloledwa chimodzimodzi. Wochoka ku Pennsylvania kupita ku Vermont kapena ku Maine, n'kungodutsa mu New York, ameneyo lamuloli limamudziwa. Inu simukudutsa mu New Jersey. New Jersey ndi kumene mukupita, mukagonako, mukadyako ukwati. Ndime 926A sikukukhudzani m'pang'ono pomwe, kaya bokosi lanu likhale ndi maloko angati.

Ngakhale kwa odutsa enieniwo, chitetezochi n'chopyapyala kuposa mmene chimamvekera. Mu 2005 Gregg Revell wa ku Utah anakwera ndege kupita ku Allentown, ku Pennsylvania, mfuti yake ili m'bokosi lokhoma m'katundu, ataionetsa bwinobwino ponyamuka. Ndege inachedwa, anaphonya yolumikiza pa Newark, katundu wake anathera m'manja mwake, ndipo anakagona kuhotela pafupi ndi bwalo la ndege. M'mawa mwake atapita kukapereka katundu n'kunena kuti muli mfuti, anamangidwa. Mlanduwo pambuyo pake unathetsedwa, koma iye atasumira apolisiwo, khoti la apilo linagamula mu 2010 kuti lamulo la 1986 silinkamuteteza, chifukwa usiku umene anagona kuhotela mfutiyo inali poti akanatha kuifikira. Kuima kuthira mafuta kapena kugula chakudya n'kosiyana ndi kugona, ndipo kukaona abale masiku awiri n'kosiyananso kwambiri. Chinanso, ku New York ndi ku New Jersey apolisi kawirikawiri amamanga kaye, za ndime 926A mukazinenera kukhoti kudzera mwa loya. Mukhoza kudzawina mlandu, koma galimoto atakoka kale, ukwati utadutsa, ntchito itatha.

Apa ndi pamene ndikufuna mukhazikike, chifukwa ndi mbali imene mawebusaiti a eni mfuti salemba kawirikawiri, poti owerenga awo ambiri ndi nzika. Munthu wa green card amaloledwa ndi lamulo la fedulo kugula ndi kusunga mfuti, ndipo munachita bwino kutsata njira yake. Koma lamulo loona za anthu olowa m'dziko, ndime 237(a)(2)(C), limati munthu aliyense amene si nzika, akapezeka wolakwa pamlandu wogula, kugulitsa, kusunga kapena kunyamula mfuti mosemphana ndi lamulo lililonse, akhoza kuthamangitsidwa m'dziko. Silikunena kuti mlanduwo ukhale waukulu. Silikuwerenga kuti mwakhala zaka zingati kuno, kapena kuti ana anu anabadwira ku Indiana. Mlandu wa mfuti ulinso m'gulu la milandu imene a zolowa m'dziko amatha kumusunga munthu m'chitokosi chawo popanda belo pamene nkhani yake ikumvedwa.

Pali misampha iwiri mkati mwake. Woyamba ndi wakuti mawu oti kupezeka wolakwa ali ndi tanthauzo lawolawo m'malamulo a zolowa m'dziko. Zigawo zambiri zili ndi ndondomeko zoti munthu wolakwa koyamba avomere mlandu, akhale chaka kapena ziwiri akuyang'aniridwa, kenako mlanduwo ufufutidwe. Kwa nzika imeneyo ndi njira yabwino yotulukira. Kwa inu, ngati munavomera mlandu pamaso pa woweruza ndipo anakupatsani kachilango kalikonse, a zolowa m'dziko amawerenga kuti munapezeka wolakwa, ngakhale khoti la chigawo litafufuta zonse. Wachiwiri ndi wakuti chikhululukiro cha bwanamkubwa, chonga chimene Shaneen Allen analandira, chimachotsa chiopsezo chothamangitsidwa pa milandu ina yotchulidwa m'lamulo, koma mlandu wa mfuti suli pamndandanda umenewo. Akuluakulu anati kwa eni kulibe mkuwe, ndipo pankhani iyi n'zoona ndithu: cholakwa chomwecho, galimoto yomweyo, mnzanu wa pasipoti ya America adzabwerera kwawo ku South Bend, inu n'kukatsikira pa Chileka kapena pa Kamuzu. Ngati tsiku lina mudzapezeka m'manja mwa apolisi pankhani ya mfuti, musadzavomere kanthu kukhoti musanauze loya wanu kuti si inu nzika. Khoti lalikulu linagamula mu 2010, pamlandu wa Padilla v. Kentucky, wa dalaivala wa thiraki amene anakhala m'dzikoli movomerezeka zaka zoposa 40, kuti loya ali ndi udindo wochenjeza kasitomala wake za chiopsezo chothamangitsidwa. Koma maloya a milandu ya upandu si onse amene amazidziwa bwino za zolowa m'dziko, ndiye pamafunika kufunsanso loya wa mbali imeneyo.

Za mwana wa mlongo wanuyo ndiye zovuta kuposa zanu. Lamulo la fedulo, ndime 922(g)(5), limaletsa munthu amene analowa pa viza ya kanthawi, monga ya sukulu kapena yodzacheza, kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo, ndipo chilango chake kuyambira 2022 chimafika zaka 15. Pali zifukwa zochepa zimene zimachotsa chiletsochi, chodziwika kwambiri n'kukhala ndi laisensi yosakira nyama yochokera ku chigawo china cha dzikoli, koma laisensi yosakira si chiphaso choyendera ndi pisitolo m'tauni. Ndipo kukhala ndi mfuti, m'maso mwa khoti, sikutanthauza kuigwira m'manja kokha. Ngati iye ali pachiwongolero, inu mukugona kumpando wakumbuyo, pisitolo ili m'kabokosi ka pakati pa mipando pafupi ndi chigongono chake, ndipo akudziwa kuti ilimo, woimira boma akhoza kunena kuti mfutiyo inali m'manja mwake. Izi zikhoza kuchitika ngakhale mu Ohio momwe inu muli ololedwa. Mnyamatayo anabwera kudzaphunzira. Musamuike pamalo oti afotokozere wapolisi za mfuti ya amalume ake pa 2 koloko usiku m'mbali mwa msewu. Ndipo ngakhale kunyumba, ngati amagona kwanu patchuthi, mfutiyo izikhala yokhomedwa poti iye alibe kiyi kapena nambala yake.

Poti mumakhala ku South Bend, maulendo amene akuyenera kukudetsani nkhawa kwambiri si a kamodzi pachaka ngati uwu, koma a sabata ndi sabata. Malire a Michigan ali pakhomo panu penipeni, ndipo anthu amapita ku Niles kapena ku Berrien Springs kutchalitchi ndi kwa abale osaganiza n'komwe kuti asintha chigawo. Michigan imafuna chiphaso. Imalemekeza chiphaso cha mlendo ngati chinaperekedwa ndi chigawo chimene mlendoyo amakhala, ndiye chanu cha Indiana chikugwira ntchito, koma mnzanu amene amanyamula popanda chiphaso poti Indiana inalola, akangowoloka malirewo wapalamula mlandu wa zaka zofika 5. Michigan imafunanso kuti wapolisi akakuimitsani mumuuze nthawi yomweyo kuti muli ndi mfuti, musanadikire kufunsidwa. Ku Ohio mumayankha akakufunsani. Ku Indiana lamulo silikukakamizani. Zigawo zitatu zoyandikana, machitidwe atatu, ndipo chimene chimagwira ntchito ndi cha kumene galimoto yaima, osati cha kumene chiphaso chinachokera. N'chimodzimodzinso ndi malo oletsedwa, malamulo a mowa, ndi nthawi imene munthu amaloledwa kuwombera podziteteza: chigawo chikavomereza chiphaso chanu, mumayendera malamulo ake, osati a kwanu.

Ku Illinois, kumene mumapita kukatenga alendo pabwalo la ndege la O'Hare ku Chicago, chiphaso chanu sachivomereza, koma lamulo lawo lili ndi kampata kakuti mlendo amene ali ndi chiphaso cha kwawo akhoza kukhala ndi pisitolo mkati mwa galimoto yake. Mkati mwa galimoto basi. Mukatsika nayo m'chiuno kukagula khofi pamalo othirira mafuta, mwatuluka m'kampatako. Mukasiya galimoto, mfuti itsale yobisika m'galimoto yokhoma kapena m'bokosi lokhoma.

Pali lamulo lina la fedulo limene ngakhale anthu akale pa zamfuti amaliiwala. Gun-Free School Zones Act imaletsa kukhala ndi mfuti pamtunda wa mafiti 1,000, pafupifupi mamita 300, kuchokera pabwalo la sukulu ya pulaimale kapena sekondale. Amene sakhudzidwa ndi munthu amene ali ndi chiphaso choperekedwa ndi chigawo chimene sukuluyo ili. Mawu ake ndi amenewo. Ndiye chiphaso chanu chimakutetezani pafupi ndi sukulu za ku Indiana, koma mmene lamulolo linalembedwera, sichikutetezani pafupi ndi sukulu ya ku Ohio kapena ku Michigan, ngakhale zigawozo zimachilemekeza. M'tauni ndi kovuta kuyenda makilomita awiri osadutsa pafupi ndi sukulu. Anthu samangidwa kawirikawiri pa lamulo limeneli palokha, koma limatulukira ngati chowonjezera munthu akagwidwa pa china. Mfuti yopanda zipolopolo yokhomedwa m'bokosi ilibe vuto. Pa chifukwa chimenechi, ndi cha Michigan ndi Illinois chija, chiphaso chanu musachitaye kapena kuchilekerera kutha poganiza kuti Indiana sachifunanso. Nyumba za boma la fedulo ndi mapositi ofesi ndi zoletsedwa paliponse, chiphaso kapena ayi, ndipo malamulo a positi amakhudza ngakhale poimika galimoto pawo.

Mudzamvanso anthu akukulangizani kutenga chiphaso cha Utah, Florida kapena Arizona, zimene zimaperekedwa ngakhale kwa anthu osakhala kumeneko. Zimathandiza kuwonjezera zigawo zingapo, makamaka zimene zimakana cha Indiana chifukwa chosowa maphunziro. Koma sizitsegula New Jersey, New York kapena Maryland, ndipo zigawo monga Michigan, Pennsylvania ndi Colorado zimalemekeza chiphaso pokhapokha mwini wake akukhala m'chigawo chimene chinachipereka. Mindandanda imeneyi imasinthanso ndi ndale. Mu 2013 Attorney General wa Pennsylvania, Kathleen Kane, anasintha pangano ndi Florida kuti ziphaso za anthu osakhala ku Florida zisamagwire ntchito. Mu December 2015 Mark Herring wa ku Virginia analengeza kuti asiya kulemekeza ziphaso za zigawo 25, koma patangopita miyezi yochepa bwanamkubwa Terry McAuliffe anagwirizana ndi aphungu, ndipo Virginia inayamba kulemekeza ziphaso za zigawo zonse. Mapu amitundumitundu a pa intaneti ndi mapulogalamu a pafoni ndi abwino poyambira, koma woweruza sawerenga zimenezo. Musananyamuke ulendo uliwonse, tsegulani tsamba la apolisi a chigawo kapena la Attorney General wa chigawo chilichonse chimene mudutsemo, osati chokhacho chimene mukupita, ndipo muganizirenso kumene mungapatukire msewu ukatsekedwa. Ambiri opita ku Washington kapena ku Virginia kuchokera kwanuko amadutsa mu Maryland osazindikira.

Pa ndege lamulo la TSA, bungwe losecha anthu pamabwalo a ndege, ndi lomveka: mfuti yopanda zipolopolo, m'bokosi lolimba lokhoma, m'katundu wopereka pakauntala, ndipo munene kwa ogwira ntchito pakauntalapo. M'chikwama cha m'manja ayi, ndipo mu 2023 mokha anagwira mfuti 6,737 pamalo osechera, zambiri zili zodzaza, eni ake ambiri akuti anaiwala. Koma kutsata za TSA sikusintha lamulo la kumene mukatsike. Ngati ndege yapatutsidwa n'kukatera ku Newark kapena ku New York ndipo akukupatsani katundu amene muli mfuti, musamulandire. Auzeni a kampani ya ndege amusunge n'kumutumiza okha kumene mukupita. Ku Canada, kumene anthu a ku Michigan ndi Indiana amawolokera pa Detroit, chiphaso cha chigawo chilichonse cha America chilibe ntchito.

Ngati m'tsogolomu muzipita ku New Jersey pafupipafupi ndipo mukuona kuti mfuti ikufunikadi, njira yake ndi kufunsira chiphaso chawo kudzera kwa New Jersey State Police, amene amalandira mafomu a anthu okhala kunja kwa chigawocho. Pamafunika zidindo za zala, anthu okuchitirani umboni, ndi mayeso owombera ovomerezeka ndi iwo, ndipo si zinthu zotheka mwezi umodzi. Mukachipeza mudzaonanso kuti malo ambiri amene mlendo wa ukwati amapitako ali pamndandanda wa malo oletsedwa.

Pa ulendo uno, chotsani zipolopolo, ikhomereni m'sefa kunyumba, kiyi muyende naye. Musakaisungitse kwa mnzanu amene ali pa viza ya kanthawi kapena amene mapepala ake anatha, chifukwa mukhala mwamupalamulitsa mlandu wa fedulo, inunso n'kupalamula pomupatsa. Musakaisiyenso kwa m'bale wa ku Niles poti ndi pafupi, chifukwa kupereka pisitolo kwa munthu wokhala m'chigawo china kumayenera kudzera kwa wogulitsa mfuti wa laisensi ya fedulo. Ngati kunyumba kutsala ana kapena alendo ndipo mulibe sefa yodalirika, funsani masitolo a mfuti kapena malo ophunzirira kuwombera a m'dera lanu, chifukwa ena mwa iwo amasungira anthu mfuti pamtengo wochepa.